Mjigo wa pafupi ndi dambwe

Zaka zija ndevu zanga zikungoyamba kumera, kuno ku Zemba madzi tinkamwera limodzi ndi ng'ombe kudambo. Inu pitirizani kusenda mtedzawo, ine ndikufuna makutu okha.

Ndagi! Mlendo wandibwereka mbuzi, koma poimangirira akuloza yekha. Mwagonja? Ndi banki ija ya kunja imene imakongoza boma lathu. Masiku amenewo, ana inu, ikangotsokomola kutsidya kwa nyanja, kuno feteleza wotchipa ankazimiririka, ndipo kuchipatala ankayamba kutilipiritsa. Nkhope yake sitinkaidziwa, koma tinkaiopa ngati mphenzi.

Tsono tsiku lina anthu ake anafika pagalimoto yoyera ndi makina ofufuzira madzi, ndipo makinawo anakaloza m'mphepete mwa msitu wa kumanda, pomwe pali dambwe la gule wamkulu. Mukudziwa nokha kuti mayi kapena mwana wosalowa gule sapondako. Koma akanawauza ndani? Bwana wa ku boma ankangogwedeza mutu chipewa chili m'manja, ndipo akuluakulu sakanatchula za dambwe pamaso pa alendo. Tinawavinira, anakumba, madzi anatuluka oyera mbee, koma palibe mayi anaikapo ndowa. Mjigo unadyedwa ndi dzimbiri amayi akupitabe kudambo, ndipo mlongo wanga Nabanda anaika m'manda mwana wake woyamba, matenda a m'mimba. Ngongole ya mjigowo dziko linabwezabe.

Chaka chatha banki yomweyo inabweranso, ndipo makina analozanso komweko, paja madzi sasamuka. Pamsonkhano Nabanda anaimirira, mdzukulu wakhanda ali kumsana.

"Abambo, mukafuna kukumba uko kumbani, koma mudzamwa nokha ndi ogona kumandawo."

"Anabanda, khalani pansi," ndinanong'ona ine, "mutithawitsira galimoto."

"Galimoto ndiimwa ine? Khandali limwe matope chifukwa inu mukuopa matayala?"

Ndiye mtsikana wa ku khonsolo ya ku Chadiza, wamng'ono ngati Tisa wathuyu, anatembenukira mlendo amene banki inamutuma, osagwada, osanjenjemera. Anayankhula m'Chingerezi, kenako nkutibwerezera m'Chichewa kuti tonse timve: "Ndawauza kuti ngongoleyi obweza ndife, choncho malo asankhe amayiwa."

Ine ndinati basi, zatha. Koma ana inu, ndi maso angawa ndinaona munthu uja akupinda mapu ake! Anangofunsa kuti, "Nanga amayi akufuna kuti?" Ndipo anawatsatira padzuwa, nsapato zake zopolisha zikulowa m'mizere ya thonje, Nabanda ali patsogolo ngati wotsogolera kwaya. Banki imene inkagwedeza nduna ku Lusaka, lero ikuyenda kumbuyo kwa mlongo wanga wopanda nsapato! Mpaka pano ndikaganiza tsitsi limandiima.

Anakumba kuseri kwa sukulu. Panali mwala, chitsulo chinalira mpaka akumbawo kudandaula, ndipo madzi ake amatuluka monyinyirika, mumapopa mpaka mapewa kuwawa. Koma khanda lija likumwa amenewo, taonani masaya ake.

Sindikuti bankiyo yasanduka malume wathu, ayi, zake idzazifunabe. Koma inu mukuphunziranu, mawa ndinu mudzakhale nayo patebulo limodzi. Mlendo mudzamulandire ndi ulemu wonse, koma chitsulo chisanatsike pansi, mudzamuuze pamene amayi anu sangaponde.