Ndinanamizira amlonda pa makina otchetchera udzu

Aulutsi, ndiwerengereni nkhaniyi, koma dzina langa musatchule.

Ndimasamalira pabwalo panyumba ina kuno ku Lichinga. Tsiku lina nditatchetcha kapinga wonyowa, ndinagoneka makina a gasolina, oyendera petulo aja, cham'mbali kuti ndipale udzu womata kumpeni. Sindinadziwe kuti ndagonekera mbali yolakwika, mafuta a injini n'kutsikira mu sefa ya mpweya. Nditakoka chingwe, makina anafuka utsi woyera, kenako anangoti zii.

Abwana atafunsa, mantha anandigwira. Ndinati, "Mwina ndi amlonda, dzulo ndinawaona akuwagwiragwira." Bambo achikulirewo anangoti, "Mulungu akudziwa." Sabata yomweyo anachotsedwa ntchito.

Mekaniko amene abwana anaitana anangosintha sefa, makina n'kuliranso. Anandiyang'ana nati, "Achimwene, pogoneka makina, sefa izikhala kumwamba."

Lachisanu lapitali ndinakumana nawo amlonda aja ku Assumane, akukankha njinga ya makala. Ndinafuna kukhotera njira ina, koma anayamba ndi iwo kundipatsa moni. "Mwanangu, makina aja anachira? Ndimakudera nkhawa, ndimati nawenso akuchotsa."

Kuyambira tsikulo chakudya sichikundikomera. Abwana, ndikudziwa mumamvera wailesi ino. Amlonda aja sanakhudze makina anu. Ndinawononga ndine.