Tomato Woola Pamwamba

Pamsika, bambo wina anaima pa benchi ya mayi wogulitsa tomato.

"Mayi, anzanu tomato woola amabisa pansi pa mulu. Inu bwanji mwaika pamwamba?"

"Abusa anatiwerengera Lamulungu kuti pa tsiku lachiweruzo zobisika zonse zidzaonekera poyera. Ine zokapsa kumoto chifukwa cha tomato, toto!"

"Ndiye osangomutaya bwanji?"

"Kutaya? Ena amagula motchipa n'kukathira m'ndiwo. Tchimo ndi kubisako, bambo."

"Komatu inu nzeru zilipo. Nanga kukongolaku! Mumaweruka nthawi yanji?"

"Akabwera kudzanditenga bambo akunyumba. Koma inu, mphete ija munavula muli pogula anyezi, itulutseni m'thumbamo. Nayonso iikeni pamwamba."