Mlonda wa Chitsime cha M'dambo

Malemu bambo Cornelius Mphepo, amalume anga, anabadwa pa 9 Juni 1951 ku Njombwa. Sukulu analekeza Sitandade 6, n'kuyamba kulima fodya. Mu 1974 anakwatira mayi Feliya, ndipo anadzamanga kuno kumunsi kwa Boma, m'mbali mwa dambo.

Mu 1983 anakumba chitsime m'dambomo chothirira nazale. Akuluakulu mukukumbukira: dothi lakuda lonjenjemera ukaliponda, madzi oyera mbee, osaphwa ngakhale mu Okutobala. Mudzi wonse tinakulira madzi amenewo, ndipo malemu ankanyadira.

Kenaka tauni inakula. Mvula ikagwa, ngalande za kumsika, za kumagalaja, ndi zimbudzi zosefukira, zonse zinayamba kutsirira m'dambo mwathu. Pamadzi pankayandama mafuta. Achule analeka kulira. Malemu anakadandaula kumaofesi, akumeneko anawauza kuti abwera kudzaona. Mpaka lero.

Mu Januwale 2023 mdzukulu wawo Tiyamike, wa zaka zisanu, anamwa madziwo n'kudwala kolera. Tinamuika. Manda a lerowa akumbidwa pambali pake.

Kuyambira pamenepo amalume sanakhalenso monga kale. Anayesa kukwirira chitsimecho, koma madzi ankatumphukanso. Ndiye kukangocha ankanyamula kampando n'kukakhala pomwepo, kubweza aliyense wobwera ndi ndowa. Ena mwa inu munawatukwana, poti mjigo uli kutali. Sitikukuimbani mlandu. Mayi Feliya akuti malemu ankati akasuzumira m'madzimo saona nkhope yawo, amaona ya mwana uja.

Chisanu cha m'dambo chinawalowa m'chifuwa. Anagonekedwa kuchipatala, ndipo anatisiya Lachiwiri pa 15 Julayi 2025. Asanatsirizike anafunsa kuti kuchitsime kwatsala ndani. Kunalibe munthu.

Asiya mkazi, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza a mpingo, okumba manda, makamaka amayi amene asenza madzi a pamaliro pano kuchokera kumjigo, monga malemu anapempha.

Koma ndisabise, abale anga, ndili ndi mantha. M'mawa uno podutsa m'dambo ndapeza kampando kaja kali pomwepo, popanda munthu, ndipo m'matope muli timapazi ta ana, tolunjika kumadzi.

Amalume, funso lanu lija ndalimva. Mawa kukacha pakampandopo pakhala ine. Inu kauseni mumtendere.