Kompyuta Yosameta ya pa Purazi Lathu

Olemekezeka a manijala a purazi lino, a kansala ochokera ku Macheke, abusa athu, a foromani Antonio, akuluakulu a kudambwe amene mwakhala kumbuyoko ngati simukundimva, amayi ndi abambo a m'komboni, makadii mose.

Ine ndinali mabharani, ndiye kuti kalaliki, pano zaka makumi atatu. Ofesi yanga inali pansi pa mtengo, ndipo fayilo ya antchito inadyedwa ndi mbuzi kawiri. Lero mwamanga ofesi ya matailosi, mwaikamo kompyuta ya nzeru zochita kupanga, yolemba yokha makalata, yozindikira aliyense wodutsa pageti ndi kayendedwe kake kokha. Tikuthokoza.

Koma a manijala ataona zimenezi, anauza mai Felizarda, amene atilembera makalata zaka khumi ndi ziwiri, kuti mwezi ukatha akapume kunyumba. Sindibisa, mtima unandiwawa, pakuti mayiyu akulera yekha ana anayi.

Ndiye Lachisanu lapitali, popita kumaliro a sekuru Jealous, chilombo cha Gule chinadutsa pageti, fumbi lili koboo, amayi akuimba pambuyo. Kompyuta ija, posadziwa mwambo, inakuwa pasipika kuti, “Mwachedwa kuntchito, bambo...” n'kuyamba kutchula dzina la munthu.

Limenelo ndi bodza. Tonse tikudziwa kuti chilombo chimachokera kumanda, sichiyendetsa thirakitala. A Saturday a thirakitala, dzutsani mutu, palibe wakutchulani.

Mai Felizarda, ngakhale ndi a kwaya ya kutchalitchi, anadumpha tebulo, nazula pulagi dzina lisanathe, naimba nthungululu yokwirira zotsalazo. Pakanapanda iwo, bwenzi lero tikutsegulira phulusa.

Akuluakulu a kudambwe anakhala pansi n'kugamula kuti kompyutayo ilipe nkhuku, kenako isankhe: ikamete kudambwe ngati mwamuna aliyense, kapena ikhale ndi munthu wodziwa mwambo woitseka pakamwa. A manijala anafunsa ngati kudambwe kuli magetsi. Atamva kuti kulibe, anapempha kalata yochotsa mai Felizarda ntchito, imene kompyuta yomweyo inalemba, naing'amba pamaso pa anthu.

Choncho mai Felizarda, pukutani misozi. Lolemba mubwere m'mawa monga mwa masiku onse, ndipo mpando wanu tauika pafupi ndi pulagi.

Ndi mawu amenewa, ndi lumo ili lodulira riboni, lobwereka kwa abusa, ndikulengeza kuti ofesi ino yatsegulidwa. Zikomo kwambiri nonse, maita basa.