Magazi a Tiyamike Anawala

Lachinayi, mwezi wa Ogasiti

Ndadzuka ndi mtima wolemera ngakhale ndili ndi chifukwa chothokozera. Moni anzanga a gulu la achinyamata ku Overport. Izi ndikulemba kuti ndidzakuwerengereni Lamlungu, chifukwa pakamwa pokha ndingalire.

Mukudziwa kuti mlongo wanga Limbani wakhala akudwala. Mafuta a m'mafupa ake anasiya kupanga magazi. Madokotala anati akufunika maselo oyambitsa magazi ochokera kwa m'bale wake, koma anga sanagwirizane ndi ake. Choncho m'bale wathu Tiyamike atabadwa chaka chatha, amayi anavomera kuti magazi a mumchombo wake asungidwe mufiriji ya chipatala. Azakhali a ku Phoenix anakwiya. “Za mchombo timakwirira, mlamu, sitisungitsa kwa anthu achilendo ngati nyama.” Koma magaziwo anagwirizana ndi a Limbani.

Tiyamike anamwalira ndi chibayo asanayambe kukwawa. Pamaliro amayi anadziimba mlandu okha chifukwa cha za mchombo zija. Limbani ali m'chipatala, adokotala anatiuzanso kuti magaziwo ndi ochepa, ndipo mwina maselo ambiri anafa pozizira. Ine ndinaleka kupemphera. Ndinkangoti, Ambuye, mmodzi uja sanakukwanireni?

Tsiku loyeza magaziwo tinakhala pabenchi tikunong'onezana m'Chichewa, monga timachitira pagulu kudziko lachilendo kuno. Mayi wina wovala chovala choyera anaima. “Eish, ndinu akwathu? Ine ndinabadwira ku Zimbabwe, koma agogo ndi a ku Dedza.” Anali wa mulabu, yemwe ankayeza magazi a Tiyamike.

Anatifotokozera kuti maselo oyambitsa magazi ali ndi enzaimu, kanthu kogwira ntchito m'kati mwa selo. Amatenga kadontho, n'kuthiramo mankhwala. Selo lomwe enzaimu yake ikugwira ntchito mwamphamvu limawala mobiriwira, lakufa siliwala, ndipo makina amapatula owalawo. Apo ndinapemphera koyamba chiikireni maliro.

Masana mayi uja anatiitana kuti tione pakompyuta. Panali timadontho tambiri, tounjikana mbali ya owala. “Ali moyo, amayi, ndipo akwanira,” anatero. Amayi anagwira galasi la kompyutayo ndi chala n'kunena chapansipansi, “Mwana wanga.”

Limbani anamuika maselowo, ndipo sabata ino magazi ake ayamba kukwera. Ndikuthokoza Mulungu. Sindikumvetsa chifukwa chake anatipulumutsa podzera njira yowawa chonchi, ndipo sindikunamizani kuti ndasiya kulira. Koma inu amene mwatopa, musaleke kupempha, ngakhale mawu atuluke okwiya ngati anga.

Dzulo Limbani anandifunsa kudzera pagalasi la chipinda chake kuti anamupatsa magazi ndani. Amayi analephera kumuuza. Mawa ndikaweruka kusukulu ndikwera takisi, ndikamuuze ndine kuti ndi Tiyamike.