Kandege Koyeza Phiri

Pa siteji ya minibasi ku Dowa, bambo wina anayamba kucheza ndi mayi amene anakhala naye pa benchi.

"Mayi, mwati mumakhala m'munsi mwa phiri lija? Kandege kopanda woyendetsa kaja kanapezako chiyani?"

"Akuti makina ake amayeza nthaka ali m'mwamba, ngakhale kuli mitambo. Apeza kuti phiri likutsetsereka, zala ziwiri pachaka."

"Nzeru zimenezo."

"Zedi. Ine ndinawauza akuluakulu a boma zaka zitatu zapitazo, khoma la nyumba yanga litang'aluka, chitseko chitaleka kutsekeka. Anati ndinaumba njerwa zoipa."

"Pano akukukhulupirirani?"

"Akukhulupirira kandegeko. Kaja kanapita kusukulu, ine ayi."

"Ndiye musamuka mvula isanayambe?"

"Akuti tidikire lipoti lochokera ku Lilongwe."

"Nanga phirilo?"

"Ilo sanaliuze zodikira."