Bwato la a Paison

Pa siteji ya Bangula minibasi inali isanadzaze. Bambo wina waimvi anakwera ndi nkhafi yatsopano, nakhala pafupi ndi mtsikana yemwe anali atazolika.

"Mwanangu, nkhope yagwa chonchi bwanji?"

"Kusukulu ya unamwino andikananso, agogo. Kachitatu aka."

"Pepa. Ine ndinali kapitawo kumunda wa nzimbe, woyendera njinga yamoto. Atandichotsa ntchito ndinabisala m'nyumba miyezi iwiri. Njala itandithyola, ndinatenga bwato la malemu bambo anga n'kuyamba kuwolotsa anthu pa Shire."

"Manyazi munalibe?"

"Analipo! Anzanga akafika padoko ndinkaphimba nkhope ndi chipewa. Koma chaka cha madzi osefukira ndinatsitsa anthu m'mitengo masiku atatu. Mayi wina anaberekera m'bwato momwemo, ine ndikupalasa maso ali kumwamba. Onsewo ankandiuza kuti takhuta, zikomo wa kwathu kuno, mawu omwe ku nzimbe zaka khumi ndi zisanu palibe anandiuzapo. Iwe kayesenso. Zikakanika, manja akowo pali ena akuwadikira."

"Dikirani kaye, agogo. Dzina lanu ndani?"

"Paison."

"Mayo ine! Mayi ameneyo ndi achemwali anga, a Jesinta! Mwanayo anamutcha dzina lanu!"

"Zoona? Ndiye akukula bwanji mnyamata wanga?"

"Ndi mtsikana, agogo. Anthu analetsa, koma achemwali anakana kusintha."

"Paison wamkazi! Kondakitala, komwe atsikire mwanayu inenso nditsikira komweko. Lero doko lidikire."